Mano Akuda ndi Kalata Yachidindo

Lachisanu m'mawa telala wina wamkazi anavundikira makina ake osokera, n'kukokera mwana wake wa zaka zinayi kuchipinda cha mano pachipatala, chifukwa apongozi ake anali atalengeza kuti mawa lake akubwera kudzamutenga mwanayo, ati mkazi wosiya mano a mwana kuda ngati kunsi kwa poto sayenera kulera ngakhale mphaka. M'chipindamo anapeza bambo wowonda wamagalasi, zolembera zitatu zitandandalika m'thumba la malaya motsatira msinkhu.

"Adokotala, tabwera."

"Sindine dokotala, mayi. Dokotala amabwera Lachiwiri. Ine ndine wothandizira."

"Choyeracho mwavala?"

"Ndavala."

"Chidindo muli nacho?"

"Chili m'dirowamu."

"Basi, ndinu dokotala. Iwe, yasama."

Kamtsikana kanayasama. Bamboyo anavala magolovesi chala chimodzichimodzi ngati akuona kaye ngati zonse zabwera kuntchito, anayatsa nyale, n'kulowetsa kagalasi m'kamwa. Telala anapinda manja pachifuwa. Mano amenewo ankawadziwa kuposa nkhope ya mwamuna wake. Lililonse linali ndi mzere wakuda cha kunkhama, ngati munthu anadutsapo ndi pensulo.

"Amamva kuwawa?"

"Ayi."

"Amadya bwino?"

"Amadya ngati m'mimba muli mnzake."

"Ndiye nkhani ndi yaing'ono. Mukhazikeni pampandopo. Mphindi khumi ndi zisanu, ayera."

"Ayera chiyani?"

"Manowa."

"Wakutumani ndani?"

Bamboyo anaima, kagalasi kali m'mwamba.

"Simunabwerere kuti titsuke?"

"Mutsuke? Inu, ganizani. Chimene chimachoka munthu akatsuka n'chiyani? Litsiro. Mukatsuka n'kuchoka, ndiye kuti apongozi anga ankanena zoona. Mundipha masana dzuwa likuswa mtengo."

"Pano sitipha anthu, mayi. Timatsuka, timamata, timazula."

"Zonsezo khalani nazo. Ine ndabwerera kalata."

"Yotumiza mwana kuchipatala chachikulu?"

"Yotumiza apongozi anga kwawo."

Bamboyo anatsegula dirowa, napenda mapepala ake limodzilimodzi.

"Fomu ya apongozi tilibe."

"Koma abale! Mwayang'anadi?"

"Ndayang'ana. Apongozi anuwo mano akuwavuta?"

"Atsala nawo anayi, koma amaluma kuposa tonsefe."

"Ngati akuluma anthu, mubwere nawo Lachiwiri."

Telala anapumira m'mwamba. Pa ntchito yake anakumanapo ndi akazi ofuna diresi yoti iwachotsere zaka khumi, koma mtundu uwu wa munthu anali asanauyezepo.

"Tamverani, adokotala."

"Wothandizira."

"Tamverani, inuyo. Mawa basi ikangoima, apongozi anga akulowa m'nyumba mwanga ndi chikwama chopanda kanthu, chodzalongedzamo zovala za mwanayu. Akuti ine ndimangokhalira kupalasa makina, mwana akuwola m'kamwa. Auza abale onse. Atsikana omwe ndinawasokera madiresi a ukwati ndi manja angawa, lero akumandipatsa moni akuyang'ana m'kamwa mwa mwana wanga."

"Bambo ake a mwana akuti bwanji?"

"Amayendetsa thiraki. Akangomva kuti nkhani ndi ya amayi awo, netiweki imathawa."

"Ayesere kuima pamtunda."

"Zikomo, ndiwauza. Tsono inu mundilembere matenda. Aakulu ndithu. A dzina lalitali, loti apongozi akaliyesa lilime liwapindike."

"Mwanayu sakudwala."

"Mwamuyang'ana bwino?"

"Mano makumi awiri, lobowoka palibe. Nkhama zolimba."

"Yang'ananinso. Nyaleyo mwina yafooka."

"Babu tasintha dzulo."

"Iii, chipatala chonsechi, makhonde onsewa, mulibe ngakhale kanthenda kamodzi kotsala kobwereka munthu mpaka Lolemba?"

"Matenda sitibwereketsa, mayi."

"Nanga mumadyera chiyani?"

"Supuni."

Telala anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akumunyoza. Nkhope ya bamboyo inali yosalala ngati nsalu yosita kumene. Ankanenadi zoona, ndiye chinali chopweteka kwambiri.

"Chabwino. Ngati si matenda, si litsiro, ndiye n'chiyani? Mwana wanga amatafuna makala ine ndikatembenuka?"

"Amatafuna?"

"Ayi!"

"Ndiye tisiye makala. Ndikufunsani mafunso. Muziyankha zimene ndafunsa."

"Funsani, apolisi."

"Amatsuka mano kangati?"

"Kawiri. Ndimamutsuka ndekha, nditamupana m'miyendomu. Mswachi wake sukwanitsa mwezi, umasanduka ndevu."

"Masuwiti?"

"Amawaona kwa anzake."

"Anagwapo n'kumenyetsa pakamwa?"

"Amagwa tsiku lililonse, koma amagwera kumatako ngati bambo ake."

"Bambo ake amagwanso?"

"Pitirizani, chonde."

"Pali mankhwala amene akumwa?"

Apa telala anawongoka. Funso limeneli ankalidikira kuchokera pakhomo. Anapisa dzanja m'chikwama, kudutsa tepi yoyezera ndi mipukutu ya ulusi, natulutsa botolo lofiirira lomata m'khosi, n'kulikhazika patebulo mwamphamvu.

"Owonjezera magazi. Chaka chatha apongozi omwewo ananena kuti mwana wayezuka, alibe magazi, ine sindimudyetsa. Ndinabwera naye pompano, anamuyeza, n'kutipatsa awa. Kuyambira tsiku limenelo sindinaphonyepo. Mvula, maliro, magetsi kuzima, supuni imalowa."

Bamboyo anatenga botolo, naliyandikitsa kumagalasi.

"Anakuuzani kuti amwe miyezi ingati?"

"Itatu."

"Wamwa ingati?"

"Khumi."

"Khumi?"

"Itatu ndi ya amayi aulesi. Litatha loyamba ndinkakagula ena ndekha kusitolo ya mankhwala. Ndinati apongozi akadzabwera adzapeze magazi akusefukira."

"Mumathira m'madzi?"

"Kuti asukuluke? Amamwa eni ake, akuda bii."

"Akatha kumwa amachukucha m'kamwa?"

"Kuti alavule mphamvu? Ndimamutseka pakamwa mpaka ndiwerenge makumi awiri."

Bamboyo anabweza botolo patebulo pang'onopang'ono, nalitembenuza kuti chizindikiro chiyang'ane kwa telala.

"Mayi, chadetsa manowa ndi ichi."

"Chiti?"

"Ichi. Mankhwala amenewa akakhalitsa m'kamwa amamatirira pamano, n'kusiya mizere yakuda. Mswachi sungachotse."

"Botolo ili?"

"Lomweli."

"Langali?"

"Mwati munagula nokha."

Kunja pakhonde wina anali kukankha kabedi ka matayala olira. Telala anamvetsera kulirako mpaka kunazimiririka. Miyezi khumi. Supuni iliyonse ankaikweza ngati akubaya apongozi, osadziwa kuti akuwanolera mpeni.

"Tsopano kalata ija ndingalembe," anatero bamboyo mosangalala, "poti chifukwa chapezeka."

Anasolola fomu ya mizere inayi, naisalaza ndi chikhatho, n'kusankha cholembera chapakati.

"Mulemba kuti chiyani?"

"Zimene ndapeza. Mzere woyamba, mano a mwanayu ndi akuda. Womaliza, chifukwa chake. Mayi ake anamumwetsa mankhwala miyezi khumi m'malo mwa itatu."

"Mayo ine! Imeneyo ndi kalata kapena chingwe?"

"Ndi fomu yachiwiri B."

"Lembani kuti ndi mankhwala, basi. Muthere pomwepo."

"Mankhwala sadzimwetsa okha."

"Lembani kuti munthu wina."

"Munthu winayo ndinu."

"Lembani kuti wachibale. Ine si wachibale wake?"

"Ndinu. Koma wachibale angaganiziridwe wina wosalakwa."

"Agogo ake, mwachitsanzo."

"Eya."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Sanamumwetse ndi iwo."

"Anayambitsa ndi iwo! Akanatseka pakamwa pawo, ine ndikanatseka botolo."

"Pafomupa palibe malo a oyambitsa."

"Inu adokotala, munakwatira?"

"Ayi."

"Zikuoneka."

"Zikuonekera pati?" anafunsa bamboyo, akudziyang'ana pamalaya.

"Paliponse. Tamverani, kalata ija ndaisiya. Bwezani m'dirowa. Sitinaonane."

"Taonana. Ndalemba kale nambala ya fomu m'kaundula. Fomu yotuluka sibwerera yosalembedwa."

"Ing'ambeni."

"Yong'ambika imafuna fomu ina yofotokoza chimene yang'ambikira."

"Ndiidye?"

"Inki si yabwino pamano."

Anawerama n'kuyamba kulemba. Telala anatsamira patebulo. M'maganizo anaona kale chikwama cha apongozi chili pabedi, kadiresi kachikasu kamene anasoka sabata yatha kakupindidwa, ndi apongozi akuwerenga kalatayo mokweza pabwalo, kawiri, kuti aneba amene anachedwa asatsalire. Kenako maso ake anagwera pafomupo. Bamboyo ankalemba zilembo zonenepa, zozungulira, chilichonse chokhala ndi bwalo lakelake. Mawu asanu okha, MANO A MWANAYU NDI AKUDA, anali atadya mzere wonse mpaka kumphepete.

Telala amadziwa nsalu yosakwanira akangoiona. Anayeza mizere itatu yotsalayo ndi diso, nakhala pansi bwinobwino, n'kupingasa miyendo.

"Adokotala."

"Wothandizira."

"Awothandizira. Ndakulakwirani. Munthu wa choonadi ngati inu ndi wosowa masiku ano."

"Zikomo."

"Inu mumalemba zoona zokhazokha, eti?"

"Zokhazokha."

"Ndipo simubisa chimene mwapeza?"

"Sindibisa."

"Nanga paja munati obowoka ndi angati?"

"Palibe."

"Mwalemba?"

"Ayi."

"Aaa! Mwayamba kubisa?"

Makutu a bamboyo anaoneka ngati atentha. Analemba msangamsanga pamzere wachiwiri: LOBOWOKA PALIBE NGAKHALE LIMODZI.

"Mwa mano angati? Wowerenga angaganize kuti mwana ali ndi awiri."

Bamboyo anafinyira MWA 20 kumapeto, lilime lili panja.

"Eya. Nanga za nkhama zija?"

"Ndi zolimba."

"Zimalimba zokha, ngati nyanga?"

"Ayi. Nkhama zolimba chonchi, zosatupa, zosatuluka magazi, zimasonyeza kuti mwana amatsukidwa m'kamwa tsiku ndi tsiku."

"Amatsukidwa ndi mphepo?"

"Ndi munthu wamkulu."

"Uti? Paja mwati wachibale angaganiziridwe wina."

"Mayi ake."

"Ha! Mawu okoma ngati amenewo n'kuwasiya m'kamwa? Lembani monga mwaneneramo. Musachotse liwu ngakhale limodzi, lingakhale bodza lotsalira theka."

"Mwina ndilembenso kuti magazi ali nawo ambiri?" anadzifunsa bamboyo, kenako anadzikaniza yekha. "Ayi. Magazi ndi khomo lachitatu. Ine ndine wa mano."

"Khalani pa mano pomwepo. Lembani."

Cholembera chinayenda. NKHAMA ZOLIMBA, ZOSATUPA, ZOSATULUKA MAGAZI. Mzere wachitatu unatha. Bamboyo anatsikira pansi osazindikira, mtima uli pa kukongoletsa zilembo. ZIKUSONYEZA KUTI MAYI AKE AMAMUTSUKA TSIKU NDI TSIKU. Liwu lomaliza linapanikizika kumphepete ngati munthu wonenepa pampando wakumbuyo m'minibasi. Anaika kadontho, nakweza cholembera kuti ayambe chifukwa chija. Cholemberacho chinangoti njo m'malere.

"Mizere yatha."

"Ayi! Zoona?"

"Inali inayi."

"Mayo, tsoka lake! Ndiye za botolo zija zipita pati?"

"Palibe malo."

"Lembani m'mbalimu."

"M'mbali ndi mwa ofesi."

"Kumbuyo?"

Bamboyo anatembenuza pepala, namuonetsa mawu osindikizidwa. "Akuti osalemba kuseri kuno."

"Tengani fomu ina."

"Wodwala mmodzi, fomu imodzi, pa tsiku limodzi."

"Iii, pepani. Ine ndimafunitsitsa apongozi adziwe zonse. Koma lamulo ndi lamulo, tingatani ife anthu wamba?"

Bamboyo anawerenga kalata yake kuchokera pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera, kufunafuna bodza loti limupatse chifukwa choifufutira. Sanalipeze. Anatulutsa chidindo, nachipumira mpweya, n'kuchitsindika pakona ndi manja awiri. Telala anamva phokoso limenelo mpaka m'mafupa. Kwa iye, chikwama cha apongozi chinali chitabwerera kale chopanda kanthu.

"Koma mayi, mankhwalawa asiye lero lomwe. Owonjezera magazi akachuluka m'thupi amavulaza. Mupite naye kukhomo lachitatu akamuyeze musanatuluke pageti."

"Botololo khalani nalo. Mukaikemo maluwa."

"Khosi lake ndi laling'ono."

"Duwa limodzi. Likukwanani, ndinu nokha."

Telala anauzira inki kuti iume, napinda kalatayo kanayi molunjika ngati mpendero. Ali pafupi kunyamuka, anayang'ana mwana wake, amene anali kusekerera chithunzi chake m'kagalasi, mizere yakuda yonse ili poyera. Apongozi si munthu wothera pa pepala. Akawerenga, akavula magalasi, n'kufunsa funso limodzi lokha: tsono ngati amatsuka, chadetsa n'chiyani? Ndipo mwanayu, amene sanasungepo chinsinsi chiyambire kuyankhula, akathamanga kukawabweretsera supuni.

"Iwe, kwera pampandopo. Adokotala, yatsani makina. Tsukani."

"Nditsuke chiyani?"

"Manowa. Mphindi khumi ndi zisanu zija."

"Sizitheka."

"Mwati bwanji?"

"Mzere woyamba ukuti mano a mwanayu ndi akuda. Pali deti la lero, pali siginecha yanga, pali chidindo. Ndikatsuka, kalata isanduka bodza."

"Anali akuda m'mawa!"

"Sindinalembe kuti anali. Ndalemba kuti ndi."

"Onjezani kuti m'mawa."

"Mizere yatha."

"Inu! Si inu nomwe mumandikakamiza kutsuka ndikulowa pakhomopa?"

"Nthawi imeneyo kunalibe kalata."

"Ndiye nditani?"

"Musankhe. Mukandibwezera kalata, ndiilemba m'kaundula kuti yabwezedwa, nditsuka pompano. Mukapita nayo, mubwere Lolemba, tikayambe tsiku latsopano."

"Apongozi akubwera mawa!"

"Mawa sititsegula."

"Mano oyera popanda kalata, akati linali litsiro, ndathamangira kukabisa. Kalata ndi mano akuda, akandifunsa chadetsa."

"Mukawauze zoona."

"Mukadzakwatira mudzandiitane. Diresi ndidzasoka, koma ndidzabwera makamaka kudzaona nkhope yanu."

"Ndidzakudziwitsani. Ndiye mwasankha chiyani?"

Telala anayang'ana mpando, nayang'ana chidindo chofiirira chikuonekera kuseri kwa pepala. Funso la apongozi angalizembe, wakhala akuzemba mafunso a makasitomala a madiresi ochedwa zaka khumi ndi ziwiri. Koma chidindo sakanachisoka pa makina. Analowetsa kalatayo m'kamisolo, naisindikiza ndi chikhatho, n'kugwira mwana padzanja.

Atafika pakhomo anaima, nawerama mpaka maso ake analingana ndi a mwanayo, chala chili m'mwamba.

"Tamvera iwe. Lero ndi mawa ndisakuone wagwira mswachi. Angayere, utiwonongere kalata."